Zironda za Anthu Oledzera ndi Odzibaya Mankhwala

Lero tikambe za anthu amene ambiri a inu simukondwa nao pamudzi: bambo wosacoka pa kacasu, mnyamata wosuta camba, ndi uja wabwera ku Johannesburg atazolowera nyaope, mankhwala okhala ndi heroin amene ena amasuta, ena nadzibaya nao ndi jekeseni.

Anthu otere sacedwa kubvulala. Woledzera agwera pamoto kapena adzitema ndi cikwanje, osamva kuwawa kufikira m'mawa. Wodzibaya aturuka zithupsa pamkono. Tsono bvuto lalikuru ndi lakuti amabisa. Aopa apolisi, aopa inu amfumu, nakulunga cirondaco m'cisanza cakuda kufikira citanunkha. Mlandu wace mudzaukamba tsiku lina, koma mkono ukaola adokotala audula, ndipo munthu wa dzanja limodzi salima munda.

Cironda citsukidwe tsiku lomwelo. Sambani m'manja ndi sopo. Wiritsani madzi, muwaleke azizire, muthiremo mcere supuni yaing'ono imodzi pa theka la lita. Tsukani kufikira dothi lonse litacoka, ndi kumanga ndi nsaru yocapa youmika padzuwa. Mawa lace tsukaninso, ndi kusintha nsaru.

Musaikepo ndowe, dothi kapena phulusa. Tidziwa kuti ena atero cifukwa anaona makolo ao akutero, koma tizirombo ta kafumbata tikhala m'dothi ndi m'ndowe momwemo. Tikalowa m'cironda, nsagwada ziuma, thupi likungika, ndipo ambiri sacira. Kucipatala kuli katemera wace. Kacasu nayenso si mankhwala a cironda; angopsereza mnofu wabwino.

Wapsa ndi moto mumthire madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Musampake mafuta kapena mazira, ndipo matuza musawaboole. Cithupsa ca jekeseni musacing'ambe ndi lumo kapena kucifinya, popeza pafupi pace pangakhale mtsempha wa magazi. Mukaona kutupa kulikukwera mkono, khungu likuda, mafinya akununkha, kapena thupi latentha, pitani naye kucipatala lero lomwe, ngakhale pangolo.

Za jekeseni tinene mosabisa. Cabwino koposa ndi kuleka, koma munthu wogwidwa ndi heroin saleka tsiku limodzi cifukwa camkalipira. Pamene asanaleke, asabwerekane singano ndi mnzace, pakuti singano imodzi ipatsira HIV ndi nthenda ya ciwindi yochedwa hepatitis. Singano ikhale yatsopano nthawi zonse, khungu alitsuke ndi sopo asanabaye, ndipo asabaye pamalo potupa. Mwana akalaswa ndi singano yotayidwa, thamangani naye kucipatala maola 72 asanathe, kumene kuli mankhwala oletsa HIV kukhazikika m'thupi. Anzathu a ku Tanzania anayamba m'caka ca 2011, pa cipatala ca Muhimbili ku Dar es Salaam, kupatsa anthu otere mankhwala akumwa a methadone, ocepetsa cibaba, kuti aleke kudzibaya.

Kanthu kena, inu anyakwawa. Mukapeza munthu atakomoka ndi mowa kapena mankhwala, musamgoneke cagada, angatsamwe ndi masanzi ace. Mgonekeni cammbali, kutali ndi moto, ndipo wina akhale naye. Akayamba kupuma mwapatalipatali, milomo nkuda, musadikire kuti kuce.