Mkungudza wa pa Phiri la Zomba, Nkhokwe ya Mtengo wa Fuko

Phiri la Zomba, lomwe laima ngati khoma kumpoto kwa mzinda wa Zomba ndipo nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira m'chaka cha 1913, kotero lili m'gulu la nkhalango zoyambirira kulembedwa m'malamulo a dziko lino. Nkhalango yotetezedwa ndi malo amene lamulo limaletsa munthu kudulamo mtengo, kuyatsamo moto, kulimamo kapena kumangamo popanda chilolezo cha Nthambi ya Zankhalango, pofuna kusunga mitengo pamodzi ndi madzi, dothi ndi zamoyo zimene zimadalira mitengoyo. Alendo ambiri amakwera phirili potsata mphepo yozizira, mathithi ndi malo oonerapo patali, koma ndi ochepa amene amatsikako akudziwa kuti phirili likusunga chinthu chosowa kuposa zonsezi, chomwe ndi mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi, umene kwawo watsala pang'ono kutheratu pamene pa Zomba, pomwe udabwera ngati mlendo, udakalipo.

Msewu wokwera phirili umachoka m'tauni n'kuyamba kukhotakhota m'mbali mwa matanthwe, ndipo amene akuyenda pang'onopang'ono amaona momwe zomera zimasinthira, kuchoka pa masuku ndi mitengo ina yachilengedwe ya m'munsi kufika pa mizere ya paini ndi zitsa zake chakumtunda. M'mamawa amakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa msinkhu wawo, nkhata ili pamutu, khosi litawongoka, mapazi akufufuza popondera, komanso abambo akukankha njinga zolemedwa ndi mitengo mpaka matayala kuphwatalala. Pamwamba pali hotela ya Ku Chawe, damu la Mulunguzi limene limapereka madzi ku mzinda wa Zomba, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe lomwe lili ndi nthano zake zambiri, ndiponso malo awiri otchuka oonerapo patali, Queen's View, okumbutsa ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth wa mu 1957, ndi Emperor's View, pomwe Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia idaima mu 1965. Kukacha bwino, munthu woima pamenepo amaona nyanja ya Chilwa ikunyezimira kummawa ndi phiri la Mulanje litatundumuka chakummwera, ndipo mtunda umene maso akudutsawo ndi womwe mbewu ya mkungudza idayenda zaka zoposa zana zapitazo.

Mbiri ya mtengowu pa Zomba ndi yolukana ndi mbiri ya mzindawu. Harry Johnston atakhazikitsa likulu la boma la atsamunda ku Zomba mu 1891, m'dera lomwe John Buchanan adali atayamba kale kulima khofi, adabwera ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera ndi nyama, amene adayambitsa munda woyeserapo zomera m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Chaka chomwecho Whyte adakwera phiri la Mulanje n'kutolako nthambi ndi zibalobalo za mtengo waukulu umene anthu a kumeneko ankaudziwa kale, ndipo zinthuzi zitafika ku London, Alfred Rendle wa ku British Museum adaulemba mtengowo mu 1894 ndi dzina lasayansi lakuti Widdringtonia whytei. Dzina lasayansi limakhala ndi mawu awiri, loyamba lotchula gulu la zomera zapachibale ndipo lachiwiri lotchula mtundu weniweniwo, choncho dzina la Whyte lidamatirira pa mtengo umene eni nthaka ankautcha mkungudza, ndipo ocheka matabwa a masiku ano amangouti sida.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake mtengowu wavutika chotere, ayenera kuuyandikira ndi kuukhudza. Mkungudza wokhwima umatha kutalika mamita 40, thunthu lake limakwera mowongoka kwa mtunda wautali lisanatulutse nthambi, ndipo khungwa la mtengo wakale ndi lochindikala, long'alukang'aluka, lofewa moti chala chimalowa pang'ono munthu akalidinikiza. Mbande imakhala ndi masamba onga singano, koma mtengo ukakula masambawo amasanduka timamba tating'ono tomatirira ku nthambi, ndipo m'malo a chifunga nthambizo zimalendewera ndere zotuwa ngati ndevu za nkhalamba. Chibalobalo chake, chomwe ndi kachikho kouma kosunga njere, n'chaching'ono ngati nsonga ya chala chachikulu, chili ndi zigawo zinayi zimene zimayasama chikauma, n'kumasula tinjere takuda topepuka. Koma chimene chimausiyanitsa ndi mitengo ina yonse ya m'dziko muno ndi fungo la thabwa lake, fungo lokoma lochokera ku mafuta a m'kati mwa mtengo, lomwe limakhalabe m'bokosi kwa zaka zambirimbiri. Mafuta omwewo ndi amene amachititsa kuti chiswe chisadye thabwalo ndiponso kuti lisaole msanga ngakhale pa chinyezi, n'chifukwa chake lidakondedwa pomanga nyumba, popala zitseko, pokhoma mabwato ndi posema zinthu zogulitsa kwa alendo. Ubwino wa thabwa ndiwo udaitanira mtengowu nkhwangwa ndi sowo.

Boma la atsamunda lidayamba kudula mkungudza ku Mulanje zaka za m'ma 1890 zisanathe, ndipo matabwa ankatsitsidwa m'phiri pamitu ya anthu, monga zakhala zikuchitikira mpaka m'masiku athu ano. Pofuna kukhala ndi matabwa pafupi ndi likulu, akuluakulu a zankhalango adadzala mtengowu pa phiri la Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, poona kuti kuzizira, mvula ndi chifunga cha pamwambapa zikufanana ndi za ku Mulanje. Mitengoyo idagwira, koma mkungudza sufulumira kukula, ndipo m'kupita kwa zaka malo aakulu a phirili adapatsidwa kwa paini wochokera ku Mexico, wotchedwa Pinus patula, amene amafika pochekedwa pakatha zaka pafupifupi 25 mpaka 30. Motero mkungudza udatsala m'zigawo zochepa pakati pa nkhalango ya paini, ndipo palibe amene pa nthawiyo akadaganiza kuti minda yodzalidwa chifukwa cha matabwa idzasanduka malo opulumukirako mtundu wonse wa mtengowo.

Mkungudza uli ndi m'bale wake wotchuka kutsidya kwa nyanja, ndipo mbiri ya awiriwa ikaikidwa pamodzi imaunikira zambiri. M'mapiri a Sierra Nevada ku California mumamera mtengo wa sequoia, wa m'banja limodzi la zomera ndi mkungudza, lomwe akatswiri amalitcha Cupressaceae, ndipo umodzi mwa mitengoyi, wopatsidwa dzina lakuti General Sherman, ndi wotalika pafupifupi mamita 84, wakhala zaka zoposa 2,000, komanso ndi umene uli ndi thunthu lalikulu kuposa mtengo wina uliwonse pa dziko lapansi. Mu 1864 Pulezidenti Abraham Lincoln adasainira lamulo loteteza chigwa cha Yosemite ndi nkhalango ya sequoia ya Mariposa, ndipo mu 1890, chaka chimodzi Whyte asanakwere Mulanje, boma la America lidakhazikitsa Sequoia National Park. Lamulo lokha silidapulumutse mitengoyi, pakuti idathandizidwanso ndi kuipa kwa thabwa lake, lomwe ndi losalimba moti mtengo waukulu ukagwa kawirikawiri umasweka, ndipo odula ambiri sadapindule nawo monga ankayembekezera. Mkungudza udalibe mwayi woterowo. Ngakhale zili choncho, kusiyana kwakukulu kuli pa zimene zidatsatira lamulo, chifukwa ku California kudaikidwa alonda, ndalama ndi kafukufuku, mpaka akatswiri adazindikira kuti sequoia imafuna moto wochepa wothandiza kutsegula zibalobalo ndi kuyeretsa nthaka yomerapo njere. Moto wolusa wa mu 2020 ndi 2021 utapha mitengo ikuluikulu zikwizikwi, ozimitsa moto adafika pokuta tsinde la General Sherman ndi nsalu yosagwira moto, umboni wakuti dziko limatha kuika mtima wake wonse pa mtengo umodzi.

Ku Mulanje zinthu zidayenda mwina. Phirilo lidakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, Dr. Hastings Kamuzu Banda adalengeza mkungudza kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndipo bungwe la UNESCO lidalemba phirilo m'gulu la malo osungirako zamoyo mu 2000, koma maulemu onsewa sadaletse mtengowo kutha. Mu 1986 m'dziko muno mudapezeka nsabwe zoyamwa madzi a mitengo ya banja limeneli, zotchedwa Cinara cupressi, zimene zidafooketsa ndi kuumitsa mitengo yambiri, ndipo popeza chilolezo chinkaperekedwa chocheka mitengo youma yokha, ena adayamba kusenda makungwa a mitengo yamoyo kapena kuitentha kuti iume msanga. Moto wa chaka ndi chaka udapsereza mbande, paini wothawa m'minda adalanda malo, ndipo ocheka mozemba adamaliza zotsalazo. Kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha pa phiri lonselo, ndipo posakhalitsa nayonso idagwetsedwa. N'zomvetsa chisoni kuti mtengo umene ana amauphunzira kusukulu ngati chizindikiro cha dziko lawo udatha m'manja mwa m'badwo umodzi, anthu akuona, malamulo alipo.

Apa m'pamene kufunika kwa Zomba kumaonekera. Mtengo ukatha kwawo, chiyembekezo chimatsala pa mitengo yobereka imene ili kwina, ndipo ya pa phiri la Zomba ndi ina mwa yochepa imene ikuperekabe njere. Mzinda womwewu ndi kwawo kwa mabungwe awiri oyenera ntchitoyi, lofufuza za nkhalango la Forestry Research Institute of Malawi, lodziwika kuti FRIM, ndi losunga zomera la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe likusamalira munda uja adayambitsa Whyte. Kuyambira mu 2016 bungwe la FRIM lakhala likugwira ntchito ndi Mulanje Mountain Conservation Trust komanso Botanic Gardens Conservation International pothandiza midzi yozungulira Mulanje kukhazikitsa nazale, ndipo mbande mazana a zikwi zakwezedwa kubwerera kuphiri, ngakhale kuti zambiri zimafa ndi moto, chisanu kapena chilala zisanakhazikike. Ntchito yotola njere ili ndi msampha wake, chifukwa akatswiri adatsimikiza mu 1997 kuti ku Mulanje kuli mitundu iwiri yofanana, mkungudza weniweni ndi m'bale wake wamfupi wotchedwa Widdringtonia nodiflora, amene amaphukiranso pa chitsa moto ukadutsa pamene mkungudza weniweni suphukira. Amene adadzala pa Zomba kalelo sankasiyanitsa mitundu iwiriyi, kotero wotola njere ayenera kuudziwa bwino mtengo umene akutolapo, apo ayi dziko lingathe zaka zambiri likulera mtengo wolakwika.

Nkhokwe imeneyi, komabe, yaima pa malo amene akuyaka chaka chilichonse. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala anthu a m'tauni amaona usiku mizere ya moto ikukwawa m'mbali mwa phiri, wina woyatsidwa ndi osaka mbewa ndi nyama, wina ndi ofuna kuti mitengo yopserera ipezeke yodula, ndipo malo ambiri amene kale adali nkhalango yowirira lero ndi udzu ndi zitsa. Si chilungamo kuloza chala mayi wosenza nkhuni yekha, pakuti nkhunizo ndi makalawo zimaphikira m'makomo a m'tauni momwe magetsi ndi odula kapena kulibe, ndipo matabwa otsika usiku amagulidwa ndi anthu a ndalama zawo. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020, lili ndi zilango zokwanira, koma alonda ochepa opanda zipangizo sangalondere phiri lalikulu chotere. Anthu a ku Zomba safunika kuuzidwa zimene phiri limachita mvula ikachuluka, chifukwa akuluakulu amakumbukirabe Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi, matope ndi miyala zidatsika n'kukokolola milatho ndi miyoyo, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adaonetsa chigawo chonse cha kummwera kuopsa kwa mapiri ovulidwa mitengo. Madzi otuluka m'mipopi ya mumzindawu amayambira m'nkhalango yomweyi.

Chofunika pa Zomba si chachikulu ngati cha ku California, koma n'chachangu. Zigawo zonse za mkungudza ziyenera kuwerengedwa mtengo ndi mtengo, kulambuliridwa njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, ndi kuchotsedwa kotheratu pa mndandanda wa mitengo yoti idzachekedwe, ndipo achinyamata a m'midzi yozungulira amene amaperekeza alendo ayenera kuphunzitsidwa mbiri yake kuti apeze phindu pa mtengo woima kusiyana ndi wogwa. Sukulu za mumzindawu, kuphatikizapo Yunivesite ya Malawi yomwe ili m'munsi mwa phirili, zili ndi mwayi umene sukulu zina zilibe woonetsa ophunzira mtengo wa fuko uli wamoyo. Wowerenga amene adzakwere phiri la Zomba apemphe woperekeza kuti amufikitse pa mkungudza, akhudze khungwa lake, ndipo akamatsika n'kupeza kabokosi konunkhira sida kakugulitsidwa m'mbali mwa msewu, akasiye pomwepo.