Mwana Wathu Akafuna Kuvala Kilt ku Scotland

Masiku ano si zachilendo kumva kuti mwana wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota ali pa sukulu kapena pa ntchito ku Glasgow ngakhale ku Edinburgh. Ubale wa Malawi ndi Scotland ngwakale. David Livingstone adafika pa nyanja yathu mu 1859, mzinda wa Blantyre udatenga dzina la kwawo kwa mkuluyu, ndipo mu 2005 maboma awiriwa adasainirana pangano la ubale.

Tsono anawa akakhala kumeneko amaitanidwa ku maukwati ndi ku miyambo yolandira madigiri, ndipo ena amatumiza kumudzi zithunzi atavala chovala cha eni dziko chotchedwa kilt. Apa mpamene pamabuka nkhani. Agogo amafunsa ngati mdzukulu wawo wayamba kuvala siketi, bambo amakalipa pa lamya, mnyamata naye amakhumudwa poti amayesa kuti wachita zaulemu. Ife taona kuti mpofunika tifotokoze za chovalachi kuti makolo asaweruze asanamvetse, komanso kuti mnyamata wofuna kilt yake yoyamba asankhe moyenera.

Ndi chovala cha amuna

Kilt ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa imene mwamuna amaikulunga m'chiuno ndi kuimanga ndi timalamba tachikopa. Kutsogolo imakhala yosalala, mbali ziwiri zitasanjikizana, pamene kumbuyo imasokedwa mapindo ambirimbiri. Kilt yeniyeni imadya nsalu yokwana mayadi 8, kunena kwake pafupifupi zitenje zinayi. Ife amene agogo athu aamuna ankamanga chilundu sitiyenera kudabwa kuona mwamuna atakulunga nsalu m'chiuno.

Chovalachi chidayambira kwa anthu a m'mapiri a kumpoto kwa Scotland zaka zoposa 400 zapitazo. Poyamba idali nsalu yaikulu imene masana ankavala ndipo usiku ankafunda. Anthu a m'mapiriwa atagonja pa nkhondo ya ku Culloden mu 1746, boma la Britain lidakhazikitsa lamulo loletsa amuna a kumeneko kuvala zovala za makolo awo kupatula asilikali a mfumu. Wopezeka atavala ankamangidwa miyezi 6, ndipo akabwereza ankapitikitsidwira kutsidya kwa nyanja kwa zaka 7. Lamuloli lidachotsedwa mu 1782, ndipo mu 1822 Mfumu George IV idavala kilt pocheza ku Edinburgh. Choncho mwini dziko akamvala mlendo kilt pa ukwati wake, ndiye kuti wamlandira ngati mbale.

Kusankha nsalu

Nsalu ya kilt imakhala ya mizeremizere yopingasana, ndipo eni ake amaitcha tartan. Mafuko ambiri, monga a MacDonald ndi a Campbell, ali ndi tartan yawoyawo. Palibe lamulo loletsa mlendo kuvala ya fuko lina, komabe ulemu ndi kufunsa kaye, paja kwa eni uyenda umaweteka. Pa ukwati kawirikawiri mkwati ndiye amanena mtundu umene anzake avale. Kwa amene alibe fuko kumeneko ilipo yovala aliyense, monga ya Black Watch, yobiriwira mosakaniza ndi mtundu wakuda ndi wabuluu, ndipo masukulu ambiri aukachenjede ali ndi yawo.

Mu 2012 Dr Azeem Ibrahim, wobadwira ku Glasgow, adakhazikitsa tartan ya Asilamu. Mtundu wabuluu ukuimira mbendera ya Scotland, wobiriwira ukuimira Chisilamu, mizere 5 yoyera ndi nsanamira za Chisilamu, mizere 6 yagolide ndi nsanamira za chikhulupiriro, ndipo malo akuda akuimira Kaaba. Naye Humza Yousaf, Msilamu amene adatsogolera boma la Scotland kuyambira mu 2023 mpaka mu 2024, adalumbira m'nyumba ya malamulo mu 2016 atavala kilt.

Kugula kapena kubwereka?

Kilt yosokedwa pamanja imagulidwa mapaundi mazana angapo ndipo munthu amaidikira masabata angapo. Ubwino wake imakhala zaka zambiri, mpaka ena amasiyira ana awo. Kwa mwana wa sukulu amene akufuna kuvala tsiku limodzi, nzeru ndi kubwereka. M'mizinda ya ku Scotland muli masitolo obwereketsa zovala zonse za mwambo pa mtengo wochepa, ndipo ngakhale eni dziko ambiri amatero. Wofuna kugula ndithu adziwe kuti ilipo ina ya mayadi 5, yopepuka komanso yotsikirapo mtengo. Nsalu yolemera, imene amalonda amati ya 16 oz, ndiyo imagwa bwino ndipo sichita makwinya msanga, pamene ya 13 oz ndi yabwino nyengo yotentha.

Muyeso wa thalauza usakunamizeni. Kilt imamangidwa pa mchombo kapena pamwamba pake pang'ono, ndiye telala amayeza malo atatu: pa mchombo, m'matako, ndi kutalika kuchokera pa mchombo kufika pa bondo. Mwana wanu apite yekha kukayezedwa, asangoitanitsa pa intaneti mongoganizira.

Nkhani ya maondo

Apa mpamene Msilamu ayenera kusamala. Mwa chizolowezi cha eni ake kilt imalekeza pakati pa bondo, pamene ife tidaphunzira ku madrasa kuti mwamuna abise thupi lake kuyambira pa mchombo mpaka m'maondo. Munthu ataimirira zimaoneka bwino, koma akakhala pa mpando, akakwera masitepe kapena kukaomba mphepo, ntchafu zimaonekera. Choncho poyezetsa auze telala kuti atalikitseko kuti bondo libisike, ndipo mkati avale kabudula wakuda wofika m'maondo.

Mudzamva nthabwala yakuti mwamuna weniweni wa ku Scotland savala kanthu mkati mwa kilt. Chimenechi chidali chizolowezi cha asilikali akale, si lamulo ayi, ndipo masitolo ambiri obwereketsa amapempha kuti munthu avale zamkati. Pa nthawi ya swala ndi bwino kukhala ndi thalauza kapena mkanjo pafupi, chifukwa powerama ndi pogwetsa nkhope pansi kilt siibisa mokwanira. Amene mtima wake ukukayikabe angathe kuvala thalauza la nsalu ya tartan lotchedwa trews, limene nalonso ndi lovomerezeka pa mwambo uliwonse.

Kuvala pa mwambo ndi kuvala wamba

Pa phwando la madzulo kilt imayenda ndi jekete lalifupi lakuda la mabatani onyezimira lotchedwa Prince Charlie, malaya oyera ndi tayi ya gulugufe. Pa ukwati wa masana kapena polandira digiri amavala jekete la Argyll ndi tayi wamba. Masokosi amakhala aatali, opindidwa mmunsi mwa bondo, nsapato zakuda zopolishidwa. Poti kilt ilibe matumba, kutsogolo amapachika kachikwama kotchedwa sporran. Pogula kachikwamaka ndi lamba, funsani kuti nchikopa cha nyama yanji, paja safunsa adadya phula.

Pali zolakwika ziwiri zimene alendo amachita kawirikawiri. Choyamba ndi kuvala mapindo kutsogolo. Malo ake ndi kumbuyo. Chachiwiri ndi kulumikiza mbali ziwiri za kutsogolo ndi pini. Pini imabayidwa pa nsalu yapamwamba yokha, mmunsi cha kumanja, kuti iilemeretse. Ukailumikiza nsalu imang'ambika poyenda. Kampeni kamene ena amaika m'sokosi, kotchedwa sgian-dubh, si kokakamiza, ndipo m'ndege sakalola kukwera nako m'manja.

Kuvala wamba nkosavuta. Ochemerera timu ya mpira ya Scotland amavala kilt ndi yunifolomu ya timu yawo ndi majombo basi. Juzi kapena malaya wamba ndi sporran yachikopa yopanda zokongoletsa nzokwanira. Chosayenera ndi kusakaniza, monga jekete la phwando ndi nsapato zothamangira. Pokhala pansi asalaze mapindo ndi manja ndipo atsitse nsalu pakati pa miyendo.

Kwa inu makolo

Chithunzi chikafika, musafulumire kukalipa. Yang'anani ngati maondo abisika, mufunse kuti udali mwambo wanji ndipo adamuitana ndani. Ngati wavala modzilemekeza, muyamikireni, chifukwa zikusonyeza kuti akukhala bwino ndi anthu kumene aliko. Ndipo pomutumizira katundu musaiwale kuikamo mkanjo ndi mzuli, kuti pa tsiku la Idi naye akawaonetse anzake aja mmene timavalira kuno kunyanja.