Mphotho ya Oulula Ozemba Msonkho ku America: Imatsakamira Pati?

Anthu ambiri amene anatsina khutu boma la America za abwana awo ozemba msonkho amathera polandira kalata yaifupi yowakanira mphotho, ena atadikira zaka. Amadandaula kuti anawapusitsa. Zoona zake n'zakuti anangomva mbali yokoma ya lamuloli, palibe anawauza pamene zinthu zimaimira.

Mbali yokomayo njachidule. Lamulo la 2006 limati ukapereka umboni ku bungwe lotolera msonkho la IRS, umboniwo n'kuthandiza boma kutolera ndalama, uyenera kulandira pakati pa 15 ndi 30 peresenti ya zotoleredwazo. Koma ndalama zimene zili pamlandu zipose madola 2 miliyoni, ndipo ngati ukuulula munthu osati kampani, akhale woti anapezapo madola oposa 200,000 pachaka. Nkhani ikachepera pamenepo, kupereka mphotho kapena ayi n'kufuna kwa IRS, ndipo sungapite kukhoti la msonkho kukadandaula. Pempho limalembedwa pa Form 211, pomwe umalumbira kuti ukunena zoona ndipo umasaina dzina lako lenileni. Wobisa dzina akhoza kuulula, koma asayembekezere kanthu. Sikofunika kukhala nzika ya America.

Fomu ikapita, m'pamene mavuto amayambira. IRS silipira khobidi mpaka ndalama zitalowa m'thumba la boma, komanso pasakhalenso njira yoti wozembayo azitengenso. Taganizirani ulendo wake. Akatswiri amayamba aunika ngati umboni wako uli ndi mutu. Akakhutira, amakafufuza mabuku a kampaniyo, ntchito yotenga zaka. Kampani ikauzidwa ngongole yake imachita apilo mkati mwa IRS momwemo, ikalephera imathamangira kukhoti. Ikagonja n'kulipira, lamulo limaipatsabe zaka ziwiri zopemphera kuti ibwezeredwe ndalamazo, ndipo woulula amadikira kuti nthawi imeneyinso ithe. Malipoti apachaka a ofesi ya IRS yoona za oulula amasonyeza kuti milandu ikuluikulu imatenga zaka 10 kapena kupitirira mphotho isanatuluke. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Munthu asasiye ntchito kapena kukongola ndalama podalira mphothoyi.

Chopweteka kwambiri n'chakuti nthawi yonseyi umakhala mumdima. Gawo 6103 la malamulo a msonkho limaletsa IRS kuulula za msonkho wa munthu wina, ndiye kale ukafunsa yankho linkakhala lakuti nkhani yako ikadali yotsegula, basi. Lamulo la 2019 la Taxpayer First Act linakakamiza IRS kuti izikudziwitsa nkhani ikatumizidwa kwa ofufuza komanso wozembayo akalipira. Zinathandizako, koma kwa munthu amene anaika ntchito yake pachiswe kuti athandize boma, zimenezi pazaka zonsezo n'zochepa zedi.

Ikatuluka, mphothoyo sifika yathunthu. Nayonso imadulidwa msonkho. Loya amatengapo gawo lake malinga ndi zomwe munagwirizana. Kuyambira 2013 boma limadulaponso kagawo kena potsatira lamulo lochepetsa ndalama zimene limagwiritsa ntchito. Ngati zimene unaululazo zinali kale m'nyuzipepala kapena m'khoti, mphotho sipitirira 10 peresenti, ndipo ngati ndiwe unakonza chinyengocho, imachepetsedwa kapena kukanidwa.

Amene amakopa anthu kuti aziulula amakonda kutchula Bradley Birkenfeld, yemwe ankagwira ntchito kubanki ya UBS ya ku Switzerland ndipo analandira madola 104 miliyoni mu 2012. N'zoona, ndipo bankiyo inalipira madola 780 miliyoni mu 2009. Koma mkuluyu anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 40 chifukwa nayenso anathandiza kasitomala kubisa chuma, ndipo ndalamazo anazilandira atatuluka. Mphotho siteteza munthu kumlandu wake.

Kwa eni mabizinesi, kuphatikizapo Amalawi amene atsegula makampani kumeneko, tanthauzo lake n'loonekeratu. Wofufuza wa boma amabwera kamodzikamodzi, koma wosunga mabuku a ndalama amakhala nanu tsiku ndi tsiku. Ndi iye amene amaona ndalama za kashi zosalowa m'kaundula, galimoto ya kunyumba yolembedwa ngati ya kampani, ndi antchito enieni amene mumawalemba ngati a maganyu pa fomu ya 1099 pothawa kuwadulira msonkho. Kumusainitsa pangano loti asaulule sikuthandiza, pakuti lamulo la 2019 lija sililola kuti pangano limulande chitetezo chake. Mukamuchotsa ntchito pobwezera, akhoza kubwezeretsedwa ndi kulipidwa malipiro amene anataya kuwirikiza kawiri. Bwana wanzeru amamvera wantchito akadandaula koyamba, n'kukonza mabuku IRS isanagogode.

Inu amene mwaona zolakwika kuntchito, musathamangire fomu ndi mphekesera kapena mkwiyo. Lembani masiku, kuchuluka kwa ndalama ndi mmene munadziwira, ndipo muonane ndi loya musanatenge chikalata chilichonse cha kampani. Sungani nthawi ziwiri izi pamtima: akakuchotsani ntchito pobwezera, muli ndi masiku 180 okadandaula ku unduna wa zantchito, ndipo IRS ikakutumizirani chigamulo chomaliza pa mphotho ya mlandu waukulu, muli ndi masiku 30 okha ochitira apilo kukhoti la msonkho.