Kiyi wa chuma chathu ali ndi yani?

Anzanga ogulitsa malonda ku Old Town, msonkho umene mumadula umadutsa m'manja mwa anthu awiri amene simuwaona: mkulu wogula katundu wa asilikali ndi katswiri wa kompyuta wa ku Capital Hill.

Zonsezi ndi ntchito zolemekezeka. Msilikali amakwera pang'onopang'ono, kuyambira ku sukulu ya MAFCO ku Salima mpaka kukapeza ofesi ku Kamuzu Barracks. Wa kompyuta amatha kukwera msanga, poti mabwana ambiri sadziwa chimene iye akudina.

Koma takumbukirani za 2013. Pa 13 September, mkulu wa bajeti a Paul Mphwiyo anawomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Area 43, ndipo Cashgate inaphulika. Ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita m'miyezi 6 yokha. Njira yake? Kulowetsa malipiro abodza mu IFMIS, makina olipirira a boma, cheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta mapazi. Malipiro ena okayikitsa anali a katundu wa asilikali, kumene mawu oti "chitetezo cha dziko" amatseka pakamwa aliyense.

Ine ndikuti vuto si yunifolomu kapena kompyuta ayi, koma kugwira ntchito mumdima popanda wofunsa. Fisi sasungitsidwa mbuzi.

Tsono inu ophunzira, ntchitozi zikhumbireni ndithu. Koma mukadzafika pampandopo, mudzalole ena kuona mabuku anu, chifukwa ndalamazo n'za mayi wogulitsa tomato uja.