CHIFUKWA CHIYANI NSOMBA ZIKUCHEPA M'NYANJA YA CHILWA?

Matemba, makumba ndi milamba yambiri yomwe imagulitsidwa pa msika wa Zomba imachokera ku nyanja ya Chilwa, kudzera pa dooko la Kachulu. Koma ndiwo zimenezi zikunka zichepa. Tiyeni tione zifukwa zake.

Choyamba ndi chibadwa cha nyanjayi. Chilwa ndi nyanja yosaya ndipo palibe mtsinje wotulukamo. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi ndi Likangala yochokera m'phiri la Zomba, komanso Phalombe ndi Sombani ya mbali ya ku Mulanje. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018. Zikatero nsomba zimapulumukira m'maiwe a m'mitsinje, ndipo ndi zomwezo zimene zimadzaswananso madzi akabwerera. Tikazitha m'maiwemo, ndiye kuti tadya mbewu.

Chachiwiri ndi kudula mitengo. Anthu akuotcha makala ndi kutema nkhuni m'phiri muno, ndipo kuwamba nsomba nakonso kumadya nkhuni zambiri. Nthaka ikakhala pambalambanda, mvula imaikokolola kupita nayo m'mitsinje mpaka m'nyanja. Matope akachuluka nyanja imanka ikwiririka, motero siichedwa kuphwa. Mitsinjenso imafika yofooka m'chilimwe popeza madzi ena amapatutsidwira m'minda ya mpunga.

Chachitatu ndi kasodzedwe. Anthu achuluka koma minda ndi yochepa, choncho ambiri athawira ku usodzi. Ena amagwiritsa ntchito makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhale masikito amene anaperekedwa kuti atiteteze ku malungo. Zida zotere sizisiya kanthu. Taganizani za makumba: nsomba yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa, ndiye kugwira imodzi yotere ndi kupha mtundu wonse. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Malamulo alipo. Lamulo la za nsomba la mu 1997 linapatsa anthu a m'mphepete mwa nyanja mwayi wothandizana ndi boma posamala nsomba kudzera m'makomiti awo, ndipo makoka amaletsedwa m'dzinja pamene nsomba zikuswana. Vuto ndi lakuti njala ikalowa m'nyumba, lamulo limaiwalika.

Nanga ife a kumtunda kuno? Tisaloze chala asodzi okha. Thumba lililonse la makala lotsika m'phiri limapititsa matope ku Chilwa. Tibzale mitengo m'mbali mwa mitsinje, ndipo tikane kugula tinsomba tosakhwima.