Mfuti Imamvera Munthu Wodekha

Mau akuti chandamale ndi odziwika kwa aliyense, koma ndi ochepa amene amafunsa kumene anachokera. Chandamale ndi chikwangwani chimene asilikali amaphunzirirapo kuombera, ndipo dzinali limafanana kwambiri ndi liu la Chihindi lakuti chandmari, lotanthauza kuyeserera kuombera. Kufananaku sikodabwitsa, pakuti m'chaka cha 1891 Harry Johnston anabweretsa m'dziko muno asilikali ochokera ku India, ambiri mwa iwo Asikhi, ndipo amenewa anali m'gulu la aphunzitsi oyamba a asilikali achikuda.

Pa 1 January 1902 panakhazikitsidwa gulu la King's African Rifles, limene anthu a kumudzi analitcha Keyala, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland. Anyamata a gululi anamenyana ndi Ajeremani pa Karonga pa 9 September 1914, anakafika ku chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, ndipo anakagwiranso ntchito m'nkhalango za ku Malaya zaka za m'ma 1950. Dziko litalandira ufulu mu 1964, bataliyoni yoyamba ija inasanduka Malawi Rifles. Mfuti imene anayenda nayo nthawi yaitali inali Lee-Enfield, yodziwika ndi nambala yakuti 303, yolemera pafupifupi makilogalamu 4, yolowa zipolopolo 10 nthawi imodzi.

Mnyamata wongolowa kumene usilikali ankaganiza kuti m'mawa mwake ayamba kuliza mfuti. Sizinali choncho ayi. Poyamba ankaloweza nambala ya mfuti yake, kudziwa dzina ndi ntchito ya kachitsulo kalikonse, ndi kuphunzira kuitsuka. M'thabwa la kumbuyo kwa mfuti, lija lotsamira pa phewa, munali kachiboo mosungiramo kabotolo ka mafuta ndi chingwe chokokera kansalu mu mpope. Zipolopolo za nthawiyo zinkasiya mchere wina wake mu mpope, ndipo mcherewo ukakumana ndi chinyezi unkabala dzimbiri. Chifukwa cha ichi, msilikali akamaliza kuombera ankathira madzi owira mu mpope, kuumitsa, kenaka kupakamo mafuta. Ku Burma, kumene asilikali anamenya nkhondo mvula ikugwa usana ndi usiku, mfuti yosasamalidwa inkatha kukana kulira pa nthawi imene moyo wa mwiniwake unkadalira pa iyo.

Phunziro lachiwiri ndilo la kupewa ngozi, ndipo malamulo ake sanasinthe kufikira lero. Mfuti iliyonse imayesedwa kuti ili ndi chipolopolo mpaka mwiniwake atatsekula ndi kuona ndi maso ake kuti mulibe. Msilikali akamapatsira mnzake mfuti, onse awiri amayenera kusuzumira m'kati. Kuloza munthu ndi mfuti mwa masewera ndi mlandu, ngakhale ikhale yopanda kanthu. Chala sichikhala pa chokhethemulira mpaka nthawi yoombera itakwana. Wina akaliza mfuti mwangozi, ngakhale asavulaze munthu, amalangidwa, pakuti chipolopolo chikachoka palibe angachiitane kuti chibwerere, ndipo amene amakhala pafupi kwambiri ndi msilikali ndi anzake omwe amadya nawo mbale imodzi.

Izi zikakhazikika m'mutu, ndi pamene wophunzira amapita ku bwalo la chandamale. Kumeneko chiphunzitso cha asilikali a ku Britain, chimene Keyala inkatsata, chili ndi mfundo zinayi.

Yoyamba ndi kagwiridwe. Wongoyamba amaombera atagona chafufumimba, zigongono zonse ziwiri zitakhazikika pansi. Thabwa la kumbuyo limakanikizidwa bwino pa phewa, tsaya limagona pa thabwalo pa malo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo dzanja lamanzere limangochirikiza kutsogolo. Wogwira molekerera, mfuti imammenya pa phewa ikamalira, ndipo akalawa ululuwo amayamba kuiopa ndi kutsinzina asanaombere.

Yachiwiri ndi yakuti mfuti iloze pa chandamale yokha, popanda kuikakamiza ndi mphamvu ya manja. Aphunzitsi amauza wophunzira kuti alunjike, atseke maso, apume kangapo, kenaka atsekule. Akapeza kuti mfuti yapatuka, sayenera kuikoka ndi manja, koma kusuntha thupi lonse mpaka mfuti ndi chandamale zitayang'anizana. Minofu yokakamizidwa imatopa ndi kuyamba kunjenjemera, pamene mafupa okhazikika bwino sanjenjemera.

Yachitatu ndi kalunjikidwe. Pa mfuti pali zinthu ziwiri zoyang'anirapo: kachitsulo kosongoka ka kunsonga kwa mpope ndi kampata ka kumbuyo. Kachitsuloko kayenera kuoneka pakatikati pa kampata, ndipo diso liyenera kukhazikika pa iko, chandamale chizioneka mwa chimbuuzi. Apa mphunzitsi wa masamu angapezepo funso labwino la ana ake. Pa mfuti ya 303 yakale, zoyang'anirapo ziwirizi zinatalikirana pafupifupi theka la mita. Tsono wolunjika akalakwitsa ndi milimita imodzi yokha, cholakwacho chimakula molingana ndi mtunda: pa mamita 100 chipolopolo chipatuka ndi masentimita 20, ndipo pa mamita 300 chipatuka ndi masentimita 60. Kulakwitsa kochepa ngati njere ya mawere kumakwanira kuphonya munthu wathunthu.

Yachinayi ndi kukhethemula popanda kugwedeza mfuti. Chifuwa cha munthu chimakwera ndi kutsika akamapuma, ndipo mfuti imatsatira. Motero msilikali amatulutsa mpweya pang'ono, kuima kupuma kwa masekondi owerengeka, ndi kufinya chokhethemulira mwapang'onopang'ono, osati mochita kutsomphola. Mfuti ikalira sadzutsa mutu msanga kuti aone pamene walasa, koma amakhalabe chilunjikire kwa kamphindi. Amene wachedwa kuombera mpaka maso kuyamba kuchita mdima amauzidwa kuti apume ndi kuyambiranso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa bwalo la chandamale mwambiwu umatsimikizika tsiku ndi tsiku.

Pa masiku oyamba, sajeni safunsa ngati wophunzira walasa pakati. Chimene amafuna kuona ndi chakuti zipolopolo zisanu zagwera pamodzi, ngakhale pakhale pa ngodya ya chikwangwani. Zikaunjikana pamodzi, ndiye kuti munthuyo akuchita chinthu chimodzimodzi nthawi iliyonse, ndipo chotsala ndi kungosuntha zoyang'anirapo kuti mfutiyo igwirizane ndi diso lake. Zikamwazikana, vuto lili mwa munthu, ndipo kamwazikidwe kake kamaulula cholakwa: zondandalikana chokwera ndi chotsika zimaonetsa kupuma kosalongosoka, pamene zothawira mbali imodzi kawirikawiri zimaonetsa kutsomphola. Ichi ndi chifukwa chake msilikali sasinthana mfuti ndi mnzake mwachisawawa.

Pambuyo pake amaphunzira za mtunda ndi mphepo. Chipolopolo cha 303 chimachoka mu mpope pa liwiro loposa mamita 700 pa sekondi, komabe chimayamba kugwa chikangotuluka, monga umachitira mwala woponyedwa. Pa mtunda wautali, msilikali amakweza kampata ka kumbuyo molingana ndi mtundawo, ndipo mphepo ikamaomba chopingasa amalunjika pang'ono kumbali kumene ikuchokera. Amaphunziranso kuombera atagwada, atakhala pansi ndi ataimirira.

Liwiro limabwera pomalizira. Nkhondo ya 1914 isanayambe, msilikali wophunzitsidwa bwino wa ku Britain ankayembekezeka kuombera zipolopolo 15 pa mphindi imodzi pa chandamale cha pa mayadi 300, chilichonse atachilunjika. Changu chotere chinkachokera ku miyezi yambiri yobwereza zinthu zomwezomwezo ndi zipolopolo zachabe, mpaka manja atazolowera kugwira ntchito pawokha, ngakhale mu mdima, ngakhale mtima ukugunda ndi mantha.

Mfuti za masiku ano ndi zopepukirapo, ndipo zimatha kulavula zipolopolo zambiri pa kukhethemula kumodzi. Zimenezi zachititsa kuti kudziletsa kufunike koposa kale. Msilikali amanyamula zipolopolo zowerengeka, ndipo wozimwaza chifukwa cha mantha amatsala chimanjamanja nkhondo isanafike pena paliponse. Choopsa kwambiri n'chakuti chipolopolo chophonya sichisowa kogwera. Asilikali a Malawi akhala akutumizidwa kukasungitsa mtendere ku maiko monga Democratic Republic of Congo, kumene adani ndi anthu wamba amapezeka pa mudzi umodzi. Pa malo otere, msilikali amayenera kudziwa bwino chimene walunjika ndi chimene chili kuseri kwake asanasunthe chala.

Wachinyamata amene watsiriza sukulu ndipo akulakalaka kukalowa pa sukulu ya asilikali ya ku Salima adziwe kuti mphamvu ndi liwiro zidzamthandiza kupambana mayeso olowera. Koma pa bwalo la chandamale, aphunzitsi adzayang'ana ngati amamva malangizo, ngati amasamala chinthu chimene wapatsidwa, ndiponso ngati angathe kuugwira mtima pamene anzake akupupuluma. Makhalidwe amenewa munthu amayamba kuwaphunzira kunyumba ndi m'kalasi, asanaigwire n'komwe mfuti.