Denga la m'kamwa likapanda kukumana

Amene anamangapo chigafa cha fodya kuno kwathu ku Nambuma akudziwa kuti denga siliyambira pamwamba. Mumazika nsichi, n'kugoneka mtanda, kenako mapaso a mbali iyi ndi a mbali inayo amakwera paokhapaokha mpaka kukakumana pamtanda paja. Udzu nawo mumafolera chokwera, ndipo ntchito yomaliza ndi kutseka pokumanira. Pamenepo pakatsala mpata, ngakhale wa chikhatho chimodzi, mvula ya mu Febuluwale sichita kuodira. Imangolowa, fodya wa pamikangala n'kuyamba kuwola.

Nkhope ya mwana m'mimba imamangidwanso choncho. Takwezani lilime lanu mukhudze kumwamba kwa m'kamwa. Kutsogolo, kuseri kwa mano, n'kolimba chifukwa kuli fupa. Mukalibweza m'mbuyo mupeza pofewa, pamene pamathera ndi kanyama kolendewera kukhosi kaja. Limeneli ndilo denga la m'kamwa, ndipo pamwamba pake pali mphuno. Linayamba ngati mbali ziwiri, ina kumanja ina kumanzere, zimene zinakula n'kudzakumana pakati, kuyambira kutsogolo kumka kumbuyo. Mlomo wam'mwamba umalumikizana pakati pa sabata ya 4 ndi ya 7 ya mimba, ndipo denga limayamba kutseka sabata ya 6 n'kumaliza pofika cha m'sabata ya 12. Nthawi imeneyi mimba imakhala isanaoneke, mayi asanayambe sikelo, mwinanso asanauze ngakhale bambo a kunyumba.

Ife timati mwana wabadwa ndi mlomo wong'ambika, kapena kuti m'kamwa mwake ndi mong'ambika. Mawuwa timamvana nawo, koma ine ndimaona kuti amatisocheretsa. Chinthu chikang'ambika, mtima umafuna kudziwa amene wachikoka, ndipo milandu imayambira pomwepo. Ena amati mayiyu anayang'ana kadamsana ali woyembekezera. Ena amati anaseka munthu wolumala, ena akuti anasempha mwambo, ena akuloza gogo wina wa kuseri kwa mudzi. A kuchimuna amati kumtundu kwathu kulibe zoterezi, a kuchikazi nawo n'kubweza mawu omwewo, mapeto ake mkamwini wanyamula thumba lake mwana asanagwe mchombo. Chonsecho palibe chimene chinang'ambika. Mbali ziwiri zija zinakwera, koma sizinafike pokumana. Zimachitika kwa mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 700 obadwa padziko lapansi, kwa anthu a mtundu uliwonse, olemera ndi osauka omwe.

Nthawi zambiri ngakhale madokotala sangaloze chinthu chimodzi chimene chachititsa. Pali zakumtundu, zimene zingachokere mbali ya bambo kapena ya mayi, nthawi zina popanda wachibale aliyense amene anaoneka nazo. Palinso zimene zimawonjezera chiopsezo: kusuta fodya kapena kumwa mowa mayi ali woyembekezera, matenda a shuga amene mayi anali nawo asanatenge mimba, mankhwala ena a khunyu monga valproate, ndi kuperewera kwa folic acid m'thupi. Folic acid amapezeka mu ndiwo zamasamba, mu nyemba, komanso m'mapiritsi owonjezera magazi aja amene amapereka kusikelo. Mayi wa khunyu asasiye yekha mankhwala chifukwa cha zimene wawerenga pano. Akambirane ndi dokotala asanatenge mimba, poti kugwa ali woyembekezera n'koopsanso.

Mipata yake imasiyana. Mwana wina amakhala ndi kampata pamlomo pokha, wina mpata umakwera mpaka kumphuno, mbali imodzi kapena zonse ziwiri, n'kudutsa m'nkhama mpaka kudenga. Ameneyu aliyense amamuona tsiku lobadwa. Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi mwana amene mlomo wake uli bwinobwino koma denga lili pululu m'kati. Kunja chigafa chikuoneka chofoleredwa, anthu akuyamikira, koma m'kati mukunyowa. Mwana wotere amadziwika ndi zochita zake: amakhala pabere nthawi yaitali koma osakhuta, mkaka umatulukira m'mphuno, amatsamwa pafupipafupi, ndipo kusikelo mzere wake suyenda. Kuunika ndi tochi m'kamwa kumaonetsa mpatawo. Nthawi zina umabisika pansi pa khungu la m'kamwa, chizindikiro chake n'kukhala kanyama kolendewera kaja kooneka kogawikana pawiri. Mwana akakhalanso ndi chibwano chaching'ono chobwerera m'mbuyo, n'kumapuma mobanika akagona chagada, ameneyo asagone pakhomo, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chigafa chikadontha, chimene mlimi amalira ndi fodya wam'katimo. Nayenso mwana, mpatawo pawokha sumupweteka. Zimene umawononga ndi zina, ndipo choyamba ndi kuyamwa. Denga ili limadontha chokwera: mkaka umachoka m'kamwa n'kukalowa m'mphuno. Koma vuto lalikulu ndi mphamvu yokokera. Amayi mumadziwa mmene mjigo umachitira labala lake likatha. Mumapopa mpaka mapewa kuwawa, chitsulo chikulira, koma madzi akungodontha pang'onopang'ono chifukwa mphamvu ikuthawira pambali. Kuti mwana akoke mkaka, m'kamwa muyenera kutsekeka ndithu. Pakakhala mpata mpweya umalowa kuchokera m'mphuno, ndipo mwanayo amapopa, kupopa, mpaka kutopa n'kugona ndi njala.

Ndinaonapo mayi wina pabenchi la sikelo atafunditsa mwana wake chitenje mpaka kumutu dzuwa lili pamutu. Atachivundukula kuti amuyamwitse, mwanayo anagwira bere ndi mtima wonse, timasaya tikugwedera, thukuta lili pachipumi. Patangopita kanthawi timadontho toyera tinayamba kutuluka m'mphuno, iye n'kutsokomola, n'kulisiya bere. Mayiyo anapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kumubwezeranso. Bulauzi yake inali yonyowa, kusonyeza kuti mkaka unalipo wambiri, koma timiyendo ta mwana tinali ngati timitengo ta chinangwa. Anthu a pamzere ankayang'ana mlomo wa mwanayo. Ine chimene chinandikhalira mumtima ndi timiyendo tija.

Njala imeneyi ndi imene imatenga ana ambiri otere asanafike n'komwe m'manja mwa dokotala wa opaleshoni, ndipo ndi imene tingathe kulimbana nayo pakhomo. Mwana wa mpata wa pamlomo pokha kawirikawiri amayamwa bwino, chifukwa bere limadzaza mpatawo, kapena mayi amatsekapo ndi chala. Wa mpata wa kudenga amafunika kuthandizidwa. Mayi asambe m'manja, afinyire mkaka wake m'kapu yotsukidwa bwino, amukhazike mwana chotsamira mutu uli m'mwamba, ndipo azimumwetsa pang'onopang'ono ndi kakapu kapena supuni, kulola kuti mwanayo azimeza yekha. Asamuthire mkaka atagona chagada. Azimugeyetsa pafupipafupi chifukwa amameza mpweya wambiri. Kudya kumodzi kusapitirire mphindi 30, poti kupyola apo mwana amataya mphamvu zambiri kuposa zimene akulandira. Bola kumupatsa pang'ono maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe. Madzi a shuga, mkaka wa ng'ombe ndi phala lamadzimadzi zisalowe m'kamwa mwake miyezi 6 isanakwane, pokhapokha achipatala atanena chomupatsa. Akayamba kutentha thupi, kutsokomola ndi kupuma mofulumira, mwina mkaka walowa m'mapapo ndipo chibayo chayamba. Zimenezo n'zothamanga nazo.

Ntchito imeneyi ndi yolemetsa, ndipo mayi mmodzi sangaithe yekha uku akutunga madzi, akuphika, akupita kumunda. Abambo, supuni simafuna dzanja la mkazi lokha. Agogo ndi azakhali, mphamvu zimene zikanathera pofufuza wolakwa zipite pa kapu ya mkaka ya pakati pausiku.

Chachiwiri chimene chimanyowa ndi makutu. Kuchokera m'kati mwa khutu muli kanjira kamene kamatulukira kuseri kwa mphuno, ndipo minofu ya denga lofewa lija ndi imene imakatsegula tikamameza. Minofuyo ikakhala yosalumikizana, kanjirako kamakhala ngati ngalande yotsekeka ndi zinyalala. Madzi amadikha kuseri kwa nembanemba ya khutu, mwana amamva ngati ali pansi pa madzi, ndipo nthawi zina khutu limatuluka mafinya. Mwana wotere anthu amamunena kuti ndi wamwano kapena wogona, pamene iye sakumva bwino. Khutu likayamba kutuluka mafinya musathiremo mafuta kapena madzi a masamba. Kuchipatala kuli mankhwala, ndipo akatswiri a makutu amatha kuika timachubu ting'onoting'ono totulutsa madziwo.

Chachitatu ndi kulankhula. Tsinani mphuno yanu n'kunena kuti "amama". Mawu akanika, chifukwa "m" amadutsa m'mphuno. Muli chitsinire nenani kuti "papaya". Atuluka bwinobwino, chifukwa "p" amafuna kuti mpweya usonkhane m'kamwa n'kuphulika pamilomo. Amene amatseka njira ya kumphuno nthawi imeneyo ndi denga lofewa lija, limene limakwera ngati chitseko. Likakhala ndi mpata mpweya umathawa, ndipo zilembo monga p, b, t, d, k ndi s zimafooka. Mwana akafuna kuitana "ababa" zimamveka ngati "amama". Nzeru zake zili bwinobwino, akudziwa chimene akunena, koma mawu akutulukira khomo lolakwika. Mano nawo amatha kumera mopingasa, kuperewera kapena kuchuluka pafupi ndi mpatawo, choncho amafunika kutsukidwa mosamala.

Chimene sichinakumane chimatheka kukumanitsidwa. Dokotala sabweretsa nyama yachilendo. Amamasula mbali ziwiri zomwe zija, kuzikokera pakati, n'kusoka khungu la kumphuno, minofu ndi khungu la m'kamwa, chilichonse ndi chinzake, mwana ali m'tulo ta mankhwala. Mlomo amausoka mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6. Denga amalitseka pakati pa miyezi 9 ndi 18, ndipo chifukwa chake mlimi aliyense achimva: mumafolera mvula isanagwe. Mvula ya mwana ndi mawu ake oyamba. Akaphunzira kulankhula denga lili potseguka, lilime ndi kukhosi zimazolowera njira zokhota, ndipo kudzaziwongola pambuyo pake kumatenga zaka. Ngati mpata unadutsa m'nkhama, pamadzakhala opaleshoni ina ali ndi zaka za pakati pa 8 ndi 12, yoika kafupa pamene mano achikulire adzamere.

Koma mmisiri sakwera padenga nsichi zili zofumbwa. Madokotala amayamba ayeza kulemera kwa mwana ndi kuchuluka kwa magazi ake. Lamulo lakale la madokotala a ntchitoyi limati ngakhale opaleshoni ya mlomo imafuna mwana wa masabata osachepera 10, wolemera makilogalamu pafupifupi 4.5, wa magazi okwanira. Wonyentchera, wa malungo kapena wa chifuwa amabwezedwa kuti akayambe wachira. N'chifukwa chake ndachedwa pa nkhani ya kapu ndi supuni. Opaleshoni imakonzedwa pakhomo, miyezi yambiri mwana asanaone chipinda cha dokotala.

Thandizoli lilipo m'dziko mwathu muno. Bungwe la Operation Smile, limene Bill ndi Kathy Magee anayambitsa mu 1982, lakhala likugwira ntchito m'Malawi kuyambira 2012, ndipo lachitapo maopaleshoni aulere pachipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Zomba Central. Ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE, komanso Mercy James Centre, imene inatsegulidwa mu 2017 pa Queen Elizabeth kuti izichita maopaleshoni a ana. Kwa ife a kuno khomo loyamba ndi chipatala chapafupi, kaya ndi Nambuma, Nsaru, Kabudula kapena St Gabriel's ku Namitete, kumene amalemba m'buku la mwana n'kukuuzani kopita. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ilinso limasenzedwa ndi ambiri: dokotala wa opaleshoni, namwino, wa zakudya, wa makutu, wa mano, wophunzitsa kulankhula, ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu.

Akatuluka ku opaleshoni, mwana amadya zofewa kwa masabata angapo, ndipo zala, timitengo ndi supuni zisafike pabala. Nthawi zina pamatsala kabowo kamene kamafuna kusokedwanso, choncho tsiku limene akulemberani kuti mubwerere musaliphonye, ngakhale pakhomo patakhala potanganidwa ndi fodya. Muzicheza naye, muzimuyankha akamayesa mawu, ndipo nthawi ya sukulu ikakwana apite ndi anzake. Aphunzitsi amukhazike kutsogolo ngati makutu akumuvuta, ndipo dzina lachipongwe likamveka m'kalasi alithetse tsiku lomwelo. Amene anakula osathandizidwa, kaya ali ndi zaka 15 kaya 40, nawonso amachitidwa opaleshoni. Mlomo umatsekeka, chakudya chimasiya kutulukira m'mphuno, ngakhale mawu sangawongoke mofanana ndi a wothandizidwa ali khanda.

Ngati m'mudzi mwanu muli mwana amene amabisidwa m'nyumba kapena pansi pa chitenje chifukwa cha mlomo wake, kapena khanda limene mkaka ukutulukira m'mphuno, pitani mukacheze ndi mayi ake. Athandizeni kunyamula mwanayo ndi buku lake la sikelo, mukaonane ndi mlangizi wa zaumoyo kapena namwino sabata ino.